Ndikufuna kuulula za penshoni yathu pa Facebook osadziwika, kodi simu yatsopano ikwanira?

Mayi wa ku Area 25:

Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo, ndipo ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za mafoni ndi intaneti.

Ndimagwira ntchito mu ofesi ya kampani ina ku Kanengo, dzina lake ndisunga. Mwezi ndi mwezi amatidula 5 peresenti ya malipiro ati ya penshoni, ndipo pa payslip imalembedwa bwinobwino. Abwana nawo amayenera kuikapo 10 peresenti yawo. Ndiye mnzathu wina atasiya ntchito anapita kwa osunga penshoni kukafunsa za ndalama zake, n'kukamuuza kuti ndalama zinasiya kulowa kalekale. Atatiimbira foni tonse tinangoti kukamwa yasa. Titafunsa akuluakulu anangoti "zikukonzedwa". Mnyamata wina wa ku stores anafunsanso mokweza pa msonkhano wa Lolemba, sabata yomweyo anamuponya ku shifiti ya usiku.

Ine zandikwana. Ndikufuna ndilembe pa gulu lina lalikulu la Facebook la anthu a mu Lilongwe muno, mwina akachita manyazi alipira. Koma ndili ndi ana awiri, wamkulu ali Fomu 3, ndipo nyumba ndi ya lendi. Ntchito yokhayi ndisataye.

Ndaganiza motere: ndigule simu yatsopano, nditsegule akaunti ya dzina lopeka, ndijambule payslip yanga nditaphimba dzina ndi chala, ndiponye. Apo ayi ndingodina kabatani kaja kolemba ngati "Anonymous member", kamene amayi anzathu amaululira za amuna awo. Bambo a kunyumba akuti ndikungotaya nthawi, boma limamva chilichonse cha pa foni ndipo apolisi afika ndisanatseke n'komwe Facebook. Mng'ono wanga akuti nditsegule Incognito, tsamba lachinsinsi lija la pa intaneti, basi, palibe angandione. Wina akundiopseza, wina akundilimbitsa mtima, womvera ndamusowa.

Abwana anga angandipeze bwanji? Nanga apolisi angalowererepo pa nkhani ngati iyi?

Wokonza mafoni wa ku Limbe:

Achemwali, pepani ndi zomwe mukudutsamo. Ine ntchito yanga ndi mafoni, ndiye ndiyankha za mafoni zokhazokha. Za malamulo abwera eni ake.

Yambani mwaiwala zoti kuli simu yopanda mwini. Chiyambire 2018 MACRA inalamula kuti simu iliyonse ilembetsedwe, ndipo amalemba ndi chiphaso cha unzika cha NRB. Simu yatsopanoyo idzakhala m'dzina lanu lomwelo. Mukagula zija zolembetsedwa kale m'dzina la munthu wina, ndiye kuti zikavuta adzayamba kugogodedwa ndi munthu wosadziwa kanthu, ndipo iyeyo adzaloza amene anagulitsa, wogulitsa n'kuloza inu.

Kudziwa mwini nambala sikufuna polisi ayi. Munthu angotumiza K100 pa Airtel Money kapena Mpamba, uthenga ubwera ndi dzina lonse. Makasitomala anga amachita zimenezi pa benchi yanga pomwe pano akafuna kudziwa amene akuimbira amuna awo usiku. Truecaller, pulogalamu ya pa foni yoonetsa dzina la woimba, nayo imatola mayina m'mafoni a anthu ena, moti mmene anakusungirani mnzanu ndi mmene mlendo angakuonereni.

Foniyo payokha ilinso ndi nambala yake, IMEI. Dinani *#06# muione. Simu ikangolowa, netiweki imalemba kuti simu iyi ili m'foni iyi. Mukaika simu yatsopano m'foni yakale, ku TNM kapena ku Airtel zimaoneka kuti simu ziwirizi zakhala m'foni imodzi. Abwana anu sangazione zimenezi, zili ku kampani ya mafoni, koma apolisi akazifuna amakazitenga. Mafoni obedwa amawapeza choncho.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi Facebook yomweyo. Mukatsegula akaunti yachiwiri pa foni yomweyo n'kuilola kuti iwerenge manambala a m'foni mwanu, akaunti yopekayo ikhoza kuyamba kutulukira kwa anzanu a kuntchito pa "People you may know". Tangoganizani: akaunti yatsopano, yopanda chithunzi, yopanda anzake, ikuonekera kwa anthu a ofesi imodzi sabata yomwe nkhani yaphulika. Kafukufuku wake ngwachidule.

Za "Anonymous member", anthu wamba a m'gulumo saona dzina lanu, koma ma admin ndi ma moderator amaliona, ndi chithunzi chanu chomwe. Facebook imachenjeza yokha musanadine, kungoti anthu sawerenga. Gulu limenelo lili ndi ma admin angati, ndipo inu mukudziwapo ndani? Lilongwe ndi yaing'ono, achemwali. Mmodzi akhoza kukhala mlamu wa abwana anu, kapena munthu woti akamugulira ziwiri Lachisanu ayankhula zonse.

Ang'ono anuwo muwauze kuti Incognito imangobisa kwa munthu amene agwire foni yanu pambuyo pake, kuti asaone masamba amene munatsegula. Facebook imakuonanibe, netiweki imakuonanibe. Google inasumiridwa ku America pa nkhani yomweyi, ndipo mu 2024 inavomera kufufuta zambiri zomwe inatolera kwa anthu amene ankaganiza kuti abisala. Wi-Fi ya ku ofesi ndi kompyuta ya kuntchito musazikhudze n'komwe. Wa IT sangawerenge zomwe mwalemba, koma amatha kuona kuti foni yakuti inali pa Facebook nthawi yakuti, n'kufanizira ndi nthawi yomwe nkhaniyo inaikidwa.

Ndiye pali chithunzi. Kamera ya foni imalemba mkati mwa chithunzi mtundu wa foni, tsiku, nthawi, ndi malo omwe ngati location inali yoyatsa. Facebook imachotsa zimenezi pa chithunzi chomwe anthu akuona, WhatsApp nayonso ukatumiza ngati chithunzi wamba, koma ukatumiza ngati document zonse zimapita limodzi. John McAfee, uja wa antivirus, mu 2012 ankathawa apolisi a ku Belize. Atolankhani amene anali naye anaika chithunzi chake pa intaneti osachotsa zimenezi, dziko lonse n'kuona kuti munthuyo ali ku Guatemala. Anagwa katakwe wa makompyuta, nanga ife ndani.

Mphunzitsi wopuma wa ku Dedza:

Mayi, achimwene a ku Limbe afotokoza bwino za makina, koma ine ndikuona kuti abwana anu sadzafuna makina aliwonse.

Ndinakhala wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu nthawi yaitali, ndipo makalata opanda dzina ankabwera ndithu. Ina yonena za ndalama za chitukuko cha sukulu, ina yonena za mphunzitsi ndi mwana wa sukulu. Palibe tsiku tinaitana wapolisi. Ahedi ankangoika kalata patebulo n'kufunsa kuti nkhaniyi akuidziwa ndani. Aphunzitsi ndi ambiri, koma oona buku la ndalama ndi atatu. Mwa atatuwo, amene amalemba mizere iwiri pansi pa mawu akapsa mtima ndi mmodzi, chifukwa amachita chimodzimodzi pa bolodi. Kalata isanathe kuwerengedwa, wolemba wadziwika kale. Zina mwa zimene ankanena olembawo zinali zoona, ndipo zimandiwawa mpaka lero kuti nthawi zambiri funso loyamba linkakhala la wolemba, nkhaniyo n'kutsalira.

Tsopano tiwerenge zomwe mwatiuza inu lero. Kanengo. Mu ofesi, osati ku makina. Mayi wapabanja. Area 25. Ana awiri, wamkulu Fomu 3. Nyumba ya lendi. Munalipo pa msonkhano wa Lolemba pamene mnyamata wa ku stores anafunsa. Ine wa ku Dedza sindingakudziweni, koma munthu wa pa kampani yanu atawerenga zimenezi, ndi amayi angati mu ofesimo amene malaya amenewa angawakwane?

Mayi wina wophunzira kwambiri wa ku America, Latanya Sweeney, anaonetsa kuti zinthu zitatu zokha, tsiku lobadwa, ngati munthu ndi mwamuna kapena mkazi, ndi nambala ya positi ya dera lake, zikhoza kuloza munthu mmodzi yekha kwa anthu 87 mwa 100 alionse a m'dziko lija. Mu 1997 anapeza nazo zolemba za kuchipatala za bwanamkubwa wa Massachusetts m'mapepala amene anali atachotsedwa kale mayina. Ilotu ndi dziko la anthu mamiliyoni mazanamazana. Inu muli pa kampani ya anthu odziwana mpaka mayina a ana.

Payslip ndiye musayerekeze dala. Dzina mwaphimba ndi chala, chabwino. Nanga malipiro anu enieni, ngongole ya SACCO, advance ya mwezi watha, nambala yanu ya ntchito ili pakona apo? Wokonza malipiro angolemba nambala imodzi mu kompyuta, dzina latuluka. Chalacho n'chanunso. Mphete akuidziwa, utoto wa zikhadabo akuudziwa, ndipo ngati pansi pa pepalalo pakuoneka nsalu ya patebulo panu, wina anadyerapo nsima pa tebulo limenelo.

Kalembedwe nako kamaulula. Ku America kunali munthu wotchedwa Ted Kaczynski, amene ankatumiza mabomba pa positi kuyambira 1978, apolisi a FBI osamupeza. Nyuzipepala zitasindikiza nkhani yake yaitali mu 1995, mng'ono wake anazindikira mawu ndi kaganizidwe ka mkulu wakeyo, ndipo mu 1996 anamangidwa. Sindikukufanizirani ndi chigawengatu, mayi. Ndikungoti amene amawerenga ma memo anu tsiku ndi tsiku amadziwa mmene mumayambira chiganizo, mawu achingerezi amene mumakonda kusakaniza, ndi malo amene mumaika madontho atatu.

Mayi wa ku Area 25:

Aphunzitsi, mwandiziziritsa nkhongono. Koma musade nkhawa kwambiri, Area ndi kalasi ya mwana ndinazisintha dala ndisanalembe, ndipo msonkhano sunali wa Lolemba. Ngongole ya SACCO ndiye ilipodi, ndipo mu ofesi mwathu amene ikudulidwa pa payslip ndine ndekha. Pepalalo ndabwezera m'chikwama.

Achimwene a ku Limbe, za K100 zija ndayesa pa nambala ya mng'ono wanga, dzina labweradi ndi la pakati lomwe, limene iyeyo salifuna n'komwe.

Funso la apolisi lija palibe wandiyankha. Bambo a kunyumba akhala pambali panga pano, akuti mundiuze ngati akunama.

Mlangizi wa za malamulo wa ku Zomba:

Mayi, auzeni bambowo kuti anena zoona theka.

Uthenga wa WhatsApp umatsekedwa kuchokera pa foni yanu mpaka ya wolandira, ndipo zakhala choncho chiyambire 2016. Kampani ya mafoni siingauwerenge. Koma anthu amangidwapo ndithu m'dziko muno chifukwa cha zolemba za pa WhatsApp. Mu May 2022 namwino wina ku Ntcheu anamangidwa pa zomwe analemba m'gulu zokhudza Pulezidenti wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera. Mu 2024 bambo wina ku Mponela anapezeka wolakwa chifukwa choika m'gulu kanema woseka pulezidenti yemweyo, ndipo anamulipiritsa K200,000. M'gulu la anthu mazana awiri simufunika makina a ukazitape. Mmodzi ajambula screenshot, watumiza kwina, basi. Nambala yanu ili pamwamba pa uthengawo.

Lamulo limene apolisi amakonda kugwiritsa ntchito ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, lomwe lili ndi milandu ya kuzunza munthu pa intaneti ndi kutumiza uthenga wonyoza. Mawu ake ndi otambalala, ndiye munthu wa ndalama akakadandaula ku polisi, kugona m'chitokosi kumatheka ngakhale mlanduwo udzathere m'malere. Nkhani yabwino n'njakuti mu July 2025 khoti lomva za malamulo aakulu a dziko linathetsa gawo 200 la Penal Code, lija linkapangitsa kuti kuipitsa mbiri ya munthu kukhale mlandu wa kundende. Komabe kampani ikhoza kukusumirani yokha kuti mulipire chipukutamisozi, ndipo chokutetezani pamenepo ndi umboni woti zomwe munanena n'zoona. Mawu a mnzanu pa foni si umboni wanu.

Ineyo polisi sindikuiopa kwambiri pa nkhani yanuyi. Ndikuopa kalata yochotsedwa ntchito. Abwana akakukayikirani sadzalemba kuti "chifukwa cha Facebook". Adzalemba kuchedwa, adzalemba kuti ntchito yachepa. Mudzapita ku Industrial Relations Court, khoti la nkhani za ntchito, mwina mudzapambana, koma mwini nyumba sadikira chigamulo.

Ena akuuzani kuti mupite kwa mtolankhani. Ndi njira ndithu, ndipo atolankhani abwino saulula wowatsina khutu. Koma kumbukirani kuti mu April 2022 apolisi anagwira mtolankhani Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism n'kumulanda foni ndi kompyuta, akufuna adziwe amene anamupatsa chikalata. Mtolankhani akhoza kutseka pakamwa, koma foni yake ikapita, zomwe munatumizirana zapita nayo. Mukasankha njira imeneyi, kumanani maso ndi maso.

Ndikanakhala ine ndikanayambira kwina. Inu ndinu membala wa penshoniyo, ndiye muli ndi ufulu wopempha statement yanu kwa osunga penshoni. Muiike pambali pa ma payslip, mwezi ndi mwezi, muone pamene ndalama zinasiyira. Anzanu angapo achitenso chimodzimodzi. Kenako mukadandaule kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank, amene amayang'anira za penshoni pansi pa Pension Act ya 2023, komanso ku ofesi ya Labour. Mukafika afunseni kaye mmene asungire mayina anu musanasiye pepala lililonse. Facebook imachita phokoso masiku awiri, lachitatu anthu ali pa nkhani ya woimba wina ndi mkazi wake.

Dalaivala wa ku Mchesi:

Bwana wa ku Zomba, ndi ulemu wonse, pomalizapo sindikugwirizana nanu. Maofesi athuwa ena amadzuka nkhani ikayamba kuzungulira m'mafoni. Kalata yokha imatha kugona mu tray mpaka mvula. Chitani zonse ziwiri.

Koma chikundidabwitsa n'chakuti nonse mukulimbana ndi kubisa mayiwa, pomwe pali munthu wosafunika kubisala. Uja anasiya ntchito uja. Ndi amene anapita kwa osunga penshoni, ndi amene anamva ndi makutu ake, ndipo sangamuponye ku shifiti ya usiku. Alembe iyeyo, m'dzina lake, ndi statement yake. Nkhani ya munthu wa nkhope anthu amaikhulupirira kuposa ya akaunti ya chithunzi cha duwa yotsegulidwa dzulo. Abwana akayamba kusaka wowaulula apeza kuti munthuyo wasaina yekha.

Wokonza mafoni wa ku Limbe:

Adalaivala mwalasa. Ndingowonjezera kuti ikatuluka nkhaniyo, achemwali, manja m'thumba. Osaika like, osaika share, osalemba "zoona izi" pansi pake, ngakhale mtima ukuyabwa. Amene aika like amaoneka mayina, ndipo abwana adzawerenga mndandanda umenewo mofatsa kuposa nkhaniyo. M'gulu la WhatsApp la kuntchito ikaponyedwamo, inu werengani mwakachetechete ngati ena onse.

Mnzanuyo musamutumizire chilichonse cholemba. Pitani mukamuone, kapena imbani. Voice note imayenda mofulumira kuposa kalata ndipo mawu sakanika.

Foni yanu ikhale ndi PIN yoti mwana wanu saidziwa, ndipo ikawonongeka masiku ano samalani kokonzetsa. Ndikunena monga wa ntchitoyi: mukatisiyira foni ndi PIN yake, tikhoza kuona chilichonse, ndipo si tonse amene timayang'ana kumbali. Khalani pomwepo tikukonza. Nambala yanunso muibise pa Facebook yanu yeniyeni. Mu 2021 manambala a foni a anthu oposa 500 miliyoni a pa Facebook anamwazidwa pa intaneti pamodzi ndi mayina awo, ndipo zikatuluka choncho sizibwereranso.

Mayi wa ku Area 25:

Zikomo nonse. Simu ija sindigulanso, ndalama yake ndagula tomato.

Mnzathu uja ndamuimbira madzulo ano. Sanakane, koma akuti adikire kaye cheke cha masiku ake a tchuthi chomwe kampani sinamupatse, akuopa kuti akalemba lero achikanirira. Ndamumvetsa. Pakadali pano anzanga awiri avomera kuti tikapemphe ma statement athu, aliyense tsiku lake kuti tisasowe mu ofesi nthawi imodzi.

Bwana wa ku Zomba, chimodzi chokha ndisanapite: ndikakapempha statement, osunga penshoniwo amawadziwitsa abwana kuti wakuti anabwera kudzafunsa? Chifukwa amene amatumiza mndandanda wa mayina athu kumeneko ndi mkulu wa HR, ndipo ndamuonapo akudya nkhomaliro ndi mnyamata wina wa kwa osunga penshoniwo ku City Centre.